Ndalama za msewu zomwe timadula pa petulo zimapita kuti? Yankho kwa achimwene a kabaza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena oyendetsa kabaza ya njinga yamoto mu umodzi mwa mizinda yathu. Funso lawo mwachidule linali lakuti: tsiku lililonse amathira petulo malita atatu kapena anayi, anamva kuti pa lita iliyonse pali ndalama ya msewu yomwe amadula, koma msewu wa kwawo ndi zigwembe zokhazokha ndipo kamlatho kolumikiza dera lawo ndi msika kanakokoloka kalekale, anthu anangoyalapo matabwa. Ndiye akufunsa kuti ndalamayo imapita kuti, ndipo amene amasankha kuti msewu uwu ukonzedwe uwo udikire ndi ndani.

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndachedwa kuyankha. Zomwe munamvazo ndi zoona, mumalipiradi. Mtengo wa petulo ndi dizilo womwe mumauwona pa pampu si wa mafuta okha ayi, muli timisonkho tingapo tomwe anaphatikizamo, ina ya magetsi a kumidzi ija amati MAREP, ina ya bungwe loona za miyezo ya katundu, ina ya thumba lothandiza kuti mitengo isamangodumphadumpha, ndiye palinso iyi ya misewu. Amene amakonza mtengo wonsewu ndi a MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Inuyo simupatsidwa lisiti lolembedwa kuti iyi ndi ya msewu, nchifukwa chake anthu ambiri sadziwa nkomwe kuti amalipira, koma ngakhale agogo okwera minibasi kupita kuchipatala amalipira ndithu kudzera mu ndalama yokwerera.

Chinthu choyamba chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, khonsolo ya mzinda wanu sitolera ndalama imeneyi. Filing'i siteshoni itha kukhala pakhomo penipeni pa ofesi ya khonsolo koma palibe tambala ya msonkho wa msewuwu, uja amati levi, yomwe imalowa kumeneko mwachindunji. Ndalama yonse ya dziko lonse, ya ku Karonga, ya ku Nsanje, ya kwanuko, imakalowa mu thumba limodzi lomwe amaliyang'anira a Roads Fund Administration, ambiri amangoti RFA. Bungweli linabwera ndi lamulo la 2006, pomwe boma linagawa pakati bungwe lakale la National Roads Authority, wina azisunga ndalama wina azigwira ntchito. Osunga ndalama ndi RFA, ogwira ntchito ya misewu ikuluikulu ndi Roads Authority. Ganizo lake linali labwino, loti wogwira chikwama asakhalenso yemweyo wolemba makontirakitala. Mu thumba lomwelo mumalowanso ndalama zomwe amalipira mathiraki akunja akamadutsa m'dziko muno, komanso za pa tolo geti, ya Chingeni yomwe inatsegulidwa kumapeto kwa 2021 ndi ya Kalinyeke ku Dedza yomwe inatsatira kumayambiriro kwa 2022.

Ndiye ndalama yomwe mwathira lero ku dera lanu ilibe chizindikiro choti ibwerere kwanu komweko. Itha kukatseka dzenje ku Rumphi kapena kukatchetcha udzu m'mbali mwa M1 ku Ntcheu. Ine pamenepa sindidandaula, chifukwa tikanati dera lililonse lizidya zomwe lathira, bwenzi Lilongwe ndi Blantyre akutenga pafupifupi zonse, anthu a ku Chitipa ndi Neno nkumangoyenda m'matope mpaka kalekale pomwe chimanga ndi mbatatesi zomwe timadya mtauni zimachokera komweko. Misewu yolembedwa m'kaundula wa boma ndi makilomita opitirira 15,000 ndipo ya tara sikwana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu lomwe, ndiye mutha kuwona kuti pakamwa ndi pambiri, nsima ndi yochepa.

Tsopano za mzinda. Sikuti msewu uliwonse wa mtauni ndi wa khonsolo. M1 ikamadutsa pakati pa Lilongwe kapena Mzuzu imakhalabe m'manja mwa Roads Authority, koma misewu ya m'malokeshoni, ya kumsika, yopita kusukulu ndi timilatho take, imeneyo ndi ya khonsolo. Anthu ambiri amakadandaula pakhomo polakwika nkumati sakutimvera, chonsecho munthu amuuzayo alibe mphamvu pa msewu umenewo. Pa misewu ya khonsoloyo zimayenda chonchi: mainjiniya a khonsolo amakonza mndandanda wa ntchito za chaka, makhansala amabweretsa zofuna za m'mawodi awo, komiti yoona za zomangamanga imakambirana, kenako msonkhano wa makhansala onse umavomereza bajeti. Ntchito zikavomerezedwa khonsolo imaitanitsa makontirakitala motsata malamulo a PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, kontirakitala akagwira gawo la ntchito injiniya amasayina chikalata chotsimikiza, ndipo ndi chikalata chimenecho chomwe chimatulutsa ndalama. Si kuti a RFA amangotumiza chithumba cha ndalama kwa a meya kuti onani chochita ayi. Kupatula levi ya mafuta, boma limaikanso mu bajeti ya dziko ndalama zina za misewu ya m'mizinda inayi ija, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo khonsolo ilinso ndi zake zomwe imatolera yokha monga misonkho ya nyumba, ziphaso za mumsika ndi za poimika galimoto, ngakhale zimenezi zambiri zimathera ku malipiro ndi kuchotsa zinyalala.

Pa pepala zikuoneka bwino eti? Koma pali malo atatu anayi pomwe madzi amathawira, ndipo lalikulu mwa onse anthu sakonda kulikamba chifukwa limatikhudza tonse. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wogulira mafuta kunja unakwera kwambiri, koma mtengo wa pa pampu unakhala nthawi yaitali osakwezedwa mofanana. Ife oyendetsa tinkasangalala kuti bola sanakweze. Koma makampani oitanitsa mafuta ankagulitsa moluza, ndiye kuti atseke dzenjelo anayamba kugwira ndalama za levi zomwe amayenera kupereka, ndipo nkhani imeneyi inalembedwa kwambiri m'manyuzi, a RFA eniake ankadandaula poyera kuti ndalama sizikufika ndipo makontirakitala sakulipidwa. Ndiye taganizani achimwene, inu munalipira ndithu pa pampu, koma ndalamayo sinafike ku msewu, inakatseka ngongole ya mafuta omwewo munathirawo. Nthawi yomweyo phula timagula kunja ndi madola, zipangizo za magiledala ndi zakunja, simenti inakwera, ndiye ndalama yochepa yomwe inafika inagula ntchito yochepa kuposa kale. Kontirakitala akapanda kulipidwa amachotsa makina ake nkusiya msewu atauparapasula, nthawi zina woipa kuposa mmene anaupezera.

China ndi ngongole. Msewu wa mbali ziwiri wodutsa pa Area 18 ku Lilongwe ndi mlatho wodutsana pamwamba uja, zinamangidwa ndi ndalama zomwe RFA inabwereka m'dziko momwemuno, kubweza kwake nkudalira levi ya mafuta ya zaka zakutsogolo. Kukulitsa kwa Kenyatta Drive nako kunayenda njira yangati yomweyo. Misewu imeneyi ndi yokongola ndipo inathandiza kuchepetsa mizere ya galimoto, sindikutsutsa, koma tiyenera kunena zoona kuti gawo la ndalama yomwe mwathira lero likubweza ngongole ya msewu womwe unamangidwa kale, pomwe cholinga chenicheni cha levi pachiyambi chinali kusamalira misewu yomwe ilipo. Ndipo misewu ina yomwe timaiwona nkumati ndi misonkho yathu si ya levi nkomwe, Chipembere Highway ku Blantyre inakonzedwa ndi thandizo la Japan, chimodzimodzinso mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town. Kenako pamabwera ngozi ngati namondwe Freddy mu Malichi 2023 yemwe anakokolola milatho ndi misewu ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, ndalama zomwe zinali za ntchito zina nkuthamangira kumeneko.

Koma ngakhale ndalama itafika yonse, pali nkhani ya kasankhidwe, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Msewu wa tara watsopano umawoneka, umajambulika, anthu amavina pokautsegulira. Ngalande siwoneka. Kalavati ya pansi pa msewu palibe amene amaidulira riboni. Ndiye pa mndandanda uja zinthu zowoneka zimakwera pamwamba, ngalande ndi timilatho ta m'malokeshoni nkumatsikira pansi chaka ndi chaka, chonsecho injiniya aliyense angakuuzeni kuti mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Kwathu kuno anathira tara pa kamsewu kena zaka zingapo zapitazo, tinasangalala zedi, ana ankaseweretsapo timagalimoto ta mawaya madzulo. Koma ngalande anangokumba mbali imodzi osaiwaka, ndipo pa kalavati ya pa kona panadzaza majumbo, mabotolo ndi mchenga wochokera kumtunda komwe anthu akumanga. Ndinkadutsapo m'mawa uliwonse nkumawona madzi akusefukira pamwamba pa tara, kenako m'mphepete munayamba kudyeka ngati buledi wonyowa, kadzenje koyamba kanali kongokwana mbale ya ndiwo, mvula ziwiri zitadutsa galimoto zinayamba kulambalala kudzera pakhonde la golosale. Lero anyamata amathiramo dothi ndi zidutswa za njerwa nkumapempha kangachepe kwa odutsa. Kutapa kalavati ija inali ntchito ya anthu anayi ndi mafosholo tsiku limodzi, pano pakufunika kumanganso msewu wonse. Pakadafunda padajiwitsa ndithu. Ndipo tisabise, zinyalala zija tinataya ndife tomwe.

Palinso ichi choti madera ambiri komwe tikukhala ife anthu wamba anamangidwa mosatsata mapulani a mzinda, njira zake ndi zopapatiza, nyumba zinalowa mpaka mumsewu, ndiye injiniya akawerengera amapeza kuti kuika tara kukufunika kugwetsa mipanda ndi kulipira chipukuta misozi, basi nkusankha msewu wa ku mayadi komwe malo alipo kale. Zotsatira zake komwe kuli anthu ambiri oyenda pansi ndi a kabaza ngati inu ndi komwe kumatsalira. Ine ndimaona kuti khonsolo iliyonse imayenera kumawerenga anthu odutsa pa msewu, osati galimoto zokha, chifukwa kamlatho ka matabwa komwe pamadutsa ana a sukulu mazanamazana m'mawa uliwonse ndi kofunika kuposa msewu wosalala wopita ku nyumba khumi za mipanda.

Nanga inu mungatani? Choyamba dziwani kuti kamlatho kanuko ndi ka ndani, ndipo mmene mwafotokozera ndikukhulupirira kuti ndi ka khonsolo. Chaka cha boma cha ndalama masiku ano chimayamba pa 1 Epulo, kutanthauza kuti mndandanda wa ntchito umakonzedwa miyezi ingapo Epulo asanafike. Mukapita kukadandaula mu Juni mudzauzidwa kuti mulibe mu bajeti, ndipo adzakhala akunena zoona. Pitani msanga kwa akhansala a wodi yanu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera, musapite nokha, tengani anzanu a pa siteji, amfumu kapena mabuloko lida, a komiti ya sukulu ndi amayi a mumsika omwe amasenza katundu kudutsa pa matabwa pajapo. Lembani kalata, mawu apakamwa amauluka. M'kalatamo tchulani dzina la mtsinje, chaka chomwe mlatho unakokoloka, anthu angati amadutsapo pa tsiku olo mutawerenga nokha m'mawa umodzi, ndi ngozi zomwe zachitikapo. Jambulani zithunzi mvula ikagwa madzi ali pakamwa. Kalatayo ipite kwa mkulu wa khonsolo, ina kwa akhansala, ina musunge yodindidwa.

Musaiwalenso aphungu a dera lanu. Timilatho tating'ono tambiri m'dziko muno tamangidwa ndi ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu zija amati CDF, osati levi ya mafuta, ndiye gogodani zitseko zonse ziwiri, kungoti muwonetsetse kuti injiniya wa khonsolo waona pulani yake, chifukwa mlatho womangidwa mothamanga ndi simenti yochepa umapita ndi mvula yoyamba. Ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, mutha kulemba kupempha mndandanda wa misewu yomwe yavomerezedwa chaka chino, mtengo wake ndi dzina la kontirakitala. Ntchito ikayamba pamayenera kukhala chikwangwani cholembedwa amene akulipira, amene akumanga ndi nthawi yomaliza, chijambuleni tsiku loyamba lomwelo.

Munafunsanso kumapeto kwa imelo ngati a kabaza mungaleke kulipira levi poti msewu wanu sukukonzedwa. Ayi achimwene, sizingatheke, ili mkati mwa mtengo wa lita ndipo wothira mafuta pa pampu alibe batani loichotsera. Koma malita anu atatu anayi pa tsiku, kuphatikiza a anzanu onse a pa siteji chaka chonse, ndi ndalama yoti mutha kuitchula molimba mtima m'kalata ija. Mukalemba nditumizireni ndiiwone musanakapereke, ndipo mundiuzenso kutalika kwa kamlathoko ndi ngati zipilala zake zakale zikadalipo, chifukwa ngati zilipo ntchito yake ndi yotchipa kwambiri ndipo ndi mfundo yoti muyike pamwamba penipeni pa kalatayo.