Mawu ataliatali a Chingerezi: mphamvu igwere pati?

Mchemwali wina amene amasamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku England wanditumizira imelo. Akuti akanena "comfortable" kapena "development", agogo amene akuwasamalirawo amangoti kakasi. Ndiye akufunsa kuti mawu oterewa aziwadula pati. Achemwali, funso lanuli landikumbutsa kutali.

Ndili Fomu 3 ndinasankhidwa kuyankhula pa mtsutso, holo itadzaza. Mawu anga ndinali nditawaloweza usiku wonse pa kanyali ka parafini, mphuno mpaka kuda ndi utsi. Nditafika pa "photography" ndinati foto-GRA-fi. Mphunzitsi wina anandidula pakamwa n'kundibwerezetsa katatu, koma osandiuza pamene ndaphonya. Ndinakhala pansi miyendo ikunjenjemera. Panapita zaka ndisanadziwe kuti mphamvu imagwera pa phatikizo lachiwiri, pho-TOG-ra-phy, pamene "photograph" imalemera koyambirira, "photographic" pa GRAPH. Tsinde ndi lomwelo, koma mphamvu ikusamukasamuka.

Lilime lathu silinalakwe ayi. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga timanenera kuti "ndikupiiita", ndipo maphatikizo athu amathera lembo la liwu. N'chifukwa chake "school" inasanduka sukulu, "store" n'kukhala sitolo. Chingerezi sichitero. Chimamenya phatikizo limodzi, ena n'kuwameza. "Comfortable" pa pepala imaoneka ngati ya maphatikizo anayi, koma a ku England ambiri amatchula atatu okha: COMF-ta-ble. Nanga "strengths"? Malembo 9, phatikizo limodzi basi!

Ndinene mosapsatira: kumuumiriza mwana kuloweza kalembedwe ka mawu zaka zonse za ku pulayimale, osamuuzako kuti mawuwo ali ndi pomenya, n'kumulakwira. Timamuphunzitsa Chingerezi cha m'maso, kenako n'kumamuseka akatsegula pakamwa. Izi zimandiwawa mpaka lero. Kamvekedwe ka kwathu musachite nako manyazi, sikamene kakusokoneza agogowo. Iwo khutu lawo limadikira phatikizo lamphamvu, ndiye likasochera mawu onse amawasowa.

Ndiye mutani?

Yang'anani mchira wa mawuwo. Akathera -tion, -ic kapena -ity, kawirikawiri menyani phatikizo limene lagundana ndi mchirawo: medi-CA-tion, aca-DEM-ic, responsi-BIL-ity. Koma -ment ndi -ness nthawi zambiri sizisuntha mphamvu: de-VEL-op imakhala de-VEL-opment. Mukatsegula dikishonale ngati ya Oxford, funani kamzere kakang'ono kam'mwamba. Phatikizo limene latsatira kamzereko ndiye lomenya, ndipo muzilitchula mukugogoda tebulo mpaka lilime lizolowere.