Mankhwala akasowa m'chipatala, vuto limayambira kuti?

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo ndakumvetsani. Mwati mwapita kuchipatala katatu mwezi uno kukatengera bambo anu mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo ulendo uliwonse akukuuzani kuti atha, katundu sanafike. Ndiye mukufunsa ngati nkhani ya sitima ndi mafakitale akunja ili yoona, kapena ndi pobisalira chabe, poti mliri wa COVID-19 unadutsa kalekale. Ine ndagwira ntchito mosungira mankhwala zaka zambiri, ndipo mawu akuti "atha" ndawalankhulapo kwa anthu ambiri, ena akulira pawindo. Ndiloleni ndiyankhe motalikirapo.

Sindikana kuti kuba kulipo. Kulinso kuchedwa kuitanitsa, ngongole zosalipidwa kwa ogulitsa, ndi akuluakulu osasamala. Wina akakuuzani kuti zonsezi kulibe, akukunamizani. Koma pali vuto lina limene silioneka mukaima pawindo la famase, ndipo limakantha ngakhale mayiko olemera kwambiri: mankhwala ambiri amene timawadalira tsiku ndi tsiku, makamaka akale ndi otchipa, amachokera m'mafakitale ochepa zedi pa dziko lonse, ndipo kawirikawiri palibe amene amalipidwa kuti asunge apadera.

Tengani piritsi limodzi. Dzina lolembedwa pakatoni ndi la kampani imene inaumba piritsilo ndi kulikuta. Koma ufa weniweni wochiritsa, umene akatswiri amautchula API, nthawi zambiri umapangidwa kwina. India amapanga mapiritsi ambiri otchipa amene dziko lapansi limamwa, koma pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a ufa umene amaitanitsa kunja amachokera ku China. Kapepala konyezimira kokutira mapiritsi kali ndi fakitale yake, kabotolo ka galasi ka jakisoni kali ndi yake, kachivindikiro ka labala nakonso kali ndi yake. Chimodzi chokha chikasowa, mankhwala satuluka pageti. Mukhoza kuona makatoni a makampani asanu osiyana pashelefu n'kumati tili pabwino, osadziwa kuti onse asanuwo amagula ufa pakhomo limodzi.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 2020. Mzinda wa Wuhan utatsekedwa pa 23 January, mafakitale ambiri ku China anaima kapena kuchepetsa ntchito. Pa 3 March boma la India, poopa kuti anthu ake asowa, linaika chiletso pa kutumiza kunja mitundu 26 ya ufa ndi mankhwala, kuphatikizapo paracetamol ndi metronidazole. Tsiku lomwelo bungwe la WHO linachenjeza kuti ogwira ntchito zachipatala akufunika mamasiki 89 miliyoni ndi magolovesi 76 miliyoni mwezi uliwonse, ndipo mtengo wa mamasiki unali utakwera kale kasanu ndi kamodzi. Magolovesi ambiri a labala, oposa theka la dziko lonse, ankapangidwa ku Malaysia nthawi imeneyo. Ogwira ntchito a kampani ya Top Glove atadwala mwaunyinji mu November chaka chomwecho, mafakitale ake ambiri anatsekedwa kwa kanthawi, ndipo namwino wa kutsidya lina la dziko anazimva m'manja mwake. Ndege zonyamula anthu zitaima, katemera wa ana anasowa chokwera, chifukwa katundu wambiri wa mumlengalenga amayenda m'mimba mwa ndege zomwezo.

Mwati koma mliri unatha. Zoonadi unatha, koma kamangidwe ka msikawu sikanasinthe kwenikweni. Mliri unangovundukula chimene chinalipo kale.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha madzi a dilipi. Ndi madzi ndi mchere basi, chinthu chimene munthu angaganize kuti sichingasowe ku America. Kumapeto kwa September 2024 namondwe Helene anasefukiza madzi m'fakitale ya kampani ya Baxter ku North Carolina. Fakitale imodzi imeneyo inkapanga pafupifupi magawo 60 pa 100 a madzi a dilipi a dziko lonselo, matumba okwana 1.5 miliyoni pa tsiku. Zipatala zinaimitsa maopaleshoni amene akanatha kudikira, odwala otha kumeza ankapatsidwa zakumwa m'malo mwa dilipi, ndipo boma linalola kuti madzi abwere pa ndege kuchokera kumayiko ena. Chopweteka n'chakuti aka sikanali koyamba. Mu 2017 namondwe Maria atawononga Puerto Rico, timatumba ting'onoting'ono ta dilipi tinasowa miyezi ingapo pa chifukwa chofanana. Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa, koma dziko lonse la America linali likudalirabe denga limodzi.

Mu 2022, mzinda wa Shanghai utatsekedwa, fakitale ya GE Healthcare yopanga mankhwala amene amabaya munthu asanalowe m'makina ounikira m'thupi a CT inaima, ndipo madokotala a mayiko angapo anayamba kusankha woti amuunike ndi woti adikire. Chakumapeto kwa chaka chomwecho oyendera a bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, anapeza zolakwika zazikulu pa fakitale ya Intas kufupi ndi Ahmedabad ku India. Ntchito itaima pamenepo, cisplatin ndi carboplatin, mankhwala akale a khansa amene apulumutsa anthu osawerengeka, anasowa ku America mu 2023, chifukwa fakitaleyo inkapereka pafupifupi theka la cisplatin wa kumeneko. Tangoganizani kuuza munthu wa khansa yochizika kuti mlingo wake wachepetsedwa.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani ena sangolowapo n'kupanga? Apa ndi pamene pagona nkhani. Mankhwala atsopano okwera mtengo sasowa kawirikawiri, chifukwa mwini wake amapindula kwambiri ndipo amasamala kuti asaduke. Amene amasowa ndi akale, amene aliyense ali ndi ufulu wopanga, amene phindu lake pa botolo ndi lochepetsetsa. Maboma ndi ogula akuluakulu amapereka tenda kwa wotchipitsitsa. Zimamveka zanzeru, ndipo inenso ndinkazikonda, poti ndalama yomweyo imagula zambiri. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka ndi chaka olephera tenda amasiya kupanga, mpaka kutsala awiri kapena atatu. Otsalawo sakhala ndi ndalama yokonzetsera makina akale, kapena yomangira mzere wachiwiri wongodikira tsiku latsoka. Ndipo fakitale ya majakisoni si yoti mungaitsegule mawa. Chipinda chake chiyenera kukhala chopanda kachilombo ngakhale kamodzi, oyendera ayenera kubwera, chilolezo chiyenera kutuluka m'dziko lililonse limene mukufuna kugulitsako. Zimatenga zaka. Ngakhale kungosintha kumene mumagula ufa kumafuna chilolezo chatsopano.

Jakisoni wa benzathine penicillin ndi umboni womvetsa chisoni. Ndi wakalekale, wotchipa, ndipo ndi yekhayo wodalirika kuteteza mwana wosabadwa ngati mayi ali ndi chindoko. Opanga ufa wake ndi owerengeka pa zala za dzanja limodzi, ambiri ali ku China. Pakati pa 2014 ndi 2016 mayiko 39 ananena kuti wawasowa. Palibe sitima imene inamira, palibe nkhondo imene inabuka. Kungoti jakisoni wopulumutsa khanda alibe phindu lokopa amalonda.

Za mayendedwe ndingodutsamo mwachangu, poti ambiri munazimva. Mu March 2021 sitima ya Ever Given inapingasa mu ngalande ya Suez masiku asanu ndi limodzi, njira imene panthawiyo inkadutsa pafupifupi magawo 12 pa 100 a malonda a dziko lapansi. Mu September chaka chomwecho kunyamula kontena imodzi yaikulu kunapitirira madola 10,000, pamene mliri usanabwere kunali pansi pa madola 2,000. Kuyambira kumapeto kwa 2023, zigawenga za Houthi za ku Yemen zitayamba kuwombera sitima pa Red Sea, makampani ambiri anayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, ulendo n'kutalika ndi masiku khumi kapena kuposerapo. Mankhwala odula amakwera ndege, sizimawakhudza kwambiri. Amene amavutika ndi katundu wolemera koma wotchipa: magolovesi, masirinji, thonje, mabandeji, madzi a dilipi. Pa katundu wotere, mtengo wa kontena ukakwera, wogulitsa amene anasaina tenda pa mtengo wakale amaona kuti kuli bwino kuchedwetsa kusiyana ndi kuluza.

Kale zipatala ndi ogulitsa ankasunga katundu wa miyezi ingapo. Kenaka kunabwera nzeru yakuti kusunga ndi kuwononga ndalama, katundu azifika pa nthawi imene akufunika. Njira imeneyi imayenda bwino tsiku limene zonse zili bwino. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Katoni imene ili pa sitima pakati pa nyanja sichiza munthu, ngakhale pa kompyuta palembedwe kuti ikubwera.

Pali chinanso chimene ndinachiona ndi maso anga, ndipo inenso ndinachichitapo. Mphekesera ikangomveka kuti mankhwala akuti asowa, aliyense wosunga katundu amaitanitsa kawiri kapena katatu kuposa masiku onse. Sikuti ndi dyera, ndi mantha, poti ukudziwa nkhope za odwala ako. Koma tonse tikatero, kusowa kwakung'ono kumasanduka kwakukulu. Chipatala china chimadzaza shelefu mpaka mankhwala kutha mphamvu, pamene china chilibe ndi piritsi limodzi lomwe. Ndikukumbukira sabata ina imene tinatsala ndi timabotolo towerengeka ta jakisoni woletsa kutaya magazi kwa amayi akabereka. Tinkawerenga m'mawa ndi madzulo, azamba akubwera kudzafunsa ola lililonse. Patapita nthawi ndinamva kuti malo ena anali ndi makatoni osatsegula. Usiku wa sabata imeneyo sindinkagona bwino, ndipo mpaka pano ndikaganiza mtima umawawa.

Katundu akachepa, sagawidwa mofanana. Wogulitsa amayamba ndi kasitomala wamkulu amene amalipira msanga ndi ndalama yamphamvu. Dziko losauka, logula pang'ono ndi kulipira mochedwa, limakhala kumapeto kwa mzere. Tinaziona mu 2021: mayiko ambiri ankadalira katemera wa COVID-19 wochokera ku kampani ya Serum Institute ku Pune, ku India, kudzera mu dongosolo logawira mayiko katemera la COVAX, koma mliri utakula ku India, kutumiza kunja kunaima miyezi ingapo, pamene mayiko olemera anali atagula kale wochuluka kuposa anthu awo. Boma la India sindiliweruza kwambiri, poti anthu ake ankafa. Chimene ndimadandaula n'chakuti mayiko ochuluka chotere anaikidwa pa chingwe chimodzi.

Maganizo anga ndi akuti tenda isamapite kwa mmodzi yekha. Igawidwe kwa awiri kapena atatu, ngakhale wachiwiriyo akhale wokwererako pang'ono, ndipo ogula afunse kumene ufa ukuchokera. Mankhwala ochepa amene munthu amafa akasowa, monga insulin, majakisoni a amayi obereka, penisilini ndi madzi a dilipi, akhale ndi nkhokwe ya miyezi ingapo yolipiridwa mwadala. Mayiko a European Union anatulutsa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri oposa 200 mu December 2023, ndipo African Union ikufuna kuti pofika 2040 magawo 60 pa 100 a katemera wa mu Africa azipangidwa komweko. Ndi zolinga zabwino, koma fakitale yoyandikira imene ikuitanitsabe ufa kumalo amodzi omwewo sinathetse vuto, yangolisuntha.

Tsopano za bambo anu. Pali njira yosavuta yodziwira ngati vuto ndi lakutali kapena lapafupi. Funsani m'mafamase ena awiri kapena atatu ovomerezeka. Ngati mankhwalawo alipo ponseponse pa mtengo wa masiku onse, koma chipatala chokhacho ndicho chilibe, nkhaniyo si ya sitima ayi. Ndi ya ndalama, kaitanitsidwe kapena kasamalidwe, ndipo muli ndi ufulu wofunsa akuluakulu a chipatalacho mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Ngati akusowa paliponse, kapena mtengo wakwera mwadzidzidzi, ndiye kuti vuto lachokera kumtunda, ndipo wa pawindo uja alibe mlandu. Mabungwe monga FDA ndi EMA, loyang'anira mankhwala ku Ulaya, amaika pa intaneti mindandanda ya mankhwala amene akusowa, aliyense angathe kuona.

Chonde musadikire ulendo wachinayi. Pitani kwa dokotala kapena kiliniko ofesa, osati pawindo pokha, mumuuze kuti bambo atsala ndi mapiritsi angati. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi alipo a mitundu ingapo, ndipo kawirikawiri amapezeka ena olowa m'malo, koma wosankha akhale wachipatala amene akudziwa za impso ndi matenda ena a bambowo. Lembani dzina lenileni la mankhwalawo ndi mphamvu yake, osati dzina la kampani lokha, chifukwa nthawi zina amene "atha" amakhala alipo m'katoni ya mtundu wina. Bambo asamadule piritsi pakati kapena kudumphitsa masiku kuti achedwe kutha, ndipo asasiye mwadzidzidzi, poti ena mwa mankhwala amenewa akasiyidwa choncho magazi amakwera moopsa. Musagulenso kwa ongoyenda nawo m'chikwama. Nthawi ya kusowa ndi imene achinyengo amakolola, ndipo WHO inapeza mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakati, mankhwala amodzi mwa khumi alionse amakhala abodza kapena osakwanira mphamvu.

Mukalemba pansipa dzina la mankhwalawo monga lalembedwera pa kapepala ka kuchipatala, osaika dzina la bambo, ndikuthandizani kuona ngati ali pa mindandanda ija, komanso mafunso oti mukafunse dokotala mukapita.