Amalume, za Giroud zija ndiyankhe pano

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti kodi Olivier Giroud, wosewera mpira kutsogolo wa ku France uja, anali katswiri zoona kapena ankangodyera mwayi, popeza munthu wake anatenga chikho cha dziko lonse osagoletsa ngakhale chimodzi. Kulemba zala zingatope, ndiye ndingolankhula. Enanu amene mpira simuukonda mundikhululukire, ingodutsani.

Choyamba ndivomere kaye, zimene mwanenazo si bodza. Ku Russia mu 2018 France inasewera magemu 7, Giroud anaoneka m'magemu onsewo, ndipo sikuti sanagoletse kokha ayi, panalibe ngakhale mpira umodzi umene anamenya n'kulunjika pagolo kuti goloboyi avutike. Munthu wovala nambala 9. Ndiye mukaseka, ine sindikuletsani.

Koma mukumbuke mmene zinayambira. Gemu yoyamba, ndi Australia, mphunzitsi wa France Didier Deschamps anamusiya pa benchi, kutsogolo anaika anyamata othamanga okhaokha, Mbappé, Griezmann ndi Dembélé. Mpira wake sunkaoneka mutu, aliyense akuthamangira malo amodzi, panalibe woti n'kuwagwirira mpira akadikire anzake. Anapambana 2-1 koma movutikira. Gemu yachiwiri, ndi Peru, Giroud anayamba, ndipo chigoli chimodzi chokha chimene chinalowa chinachokera pa mpira umene iyeyo anamenya, unagunda mwendo wa wotchinga kumbuyo, Mbappé n'kungomalizitsa. Kuyambira pamenepo Deschamps sanamuchotsenso. Pa gemu ya Argentina ija ya 4-3, chigoli chachinayi cha France, amene anamutsetserekera Mbappé mpira ndi Giroud yemweyo. Ntchito yake inali kulimbana ndi akuluakulu awiri a kumbuyo aja, kuwapatsa msana, kudumpha nawo mipira ya m'mwamba, kuti anyamata opepuka apeze podutsa. Munthu wamtali mamita 1.93, mumuchotsa bwanji pamalo? Pa TV zimenezi sizioneka bwino, kamera imatsata mpira.

Ine chimene chimandisangalatsa ndi kumene anachokera. Thierry Henry, katswiri wakale wa France ndi Arsenal, ali ndi zaka 20 anali atatenga kale chikho cha dziko lonse mu 1998. Mbappé naye, zaka 19. Giroud ali ndi zaka 21 anali ku Istres, mu divishoni yachitatu ya ku France, atatumizidwako pa ngongole chifukwa timu yake ya Grenoble sinkamuona ngati kanthu. Anabadwa mu 1986 ku Chambéry, kufupi ndi mapiri a Alps. Atachoka ku Istres anapita ku Tours, divishoni yachiwiri, komwe mu sizoni ya 2009-10 anamwetsa zigoli 21 n'kukhala woyamba pa ogoletsa onse. Ligi yaikulu anailawa ali ndi zaka pafupifupi 24, ku Montpellier. Ndipo apa ndiye pali nkhani. Mu 2012 Montpellier, timu yopanda ndalama zambiri, inatenga ligi koyamba m'mbiri yake, kusiya PSG imene inali itangogulidwa kumene ndi a ku Qatar. Giroud anagoletsa 21. Umenewo tiutche mwayi, amalume?

Ndikudziwa, bala lanu lili ku Arsenal. Musakane. Anabwera mu 2012, chaka chomwe wogoletsa wanu Van Persie anathawira ku Manchester United, ndiye inu munkafuna wina woti avale nsapato za Van Persie ndi za Henry nthawi imodzi. Giroud sanali wotero. Liwiro analibe, kumudutsa munthu ndi mpira sizinali zake. Gemu ya Monaco ya mu 2015 ija, yoluza 3-1 pakhomo, anaphonya mipata yoti ngakhale ine wa mimba yangayi ndikanayesako. Ndipo sizoni imene Leicester inatenga ligi, anakhala kuyambira Januwale mpaka Meyi osagoletsa mu ligi. Pamenepo ndilibe pomuikira kumbuyo, ligi ya 2016 ija Arsenal ikanaitenga. Ndikukumbuka mmene munkazimitsira wayilesi gemu isanathe, azakhali akufunsa kuti kwagwanji.

Komabe werengani bwino. Zigoli 105 m'magemu 253, FA Cup katatu, 2014, 2015 ndi 2017. Ndiye chija cha pa 1 Januwale 2017 ndi Crystal Palace, mpira wa Alexis Sánchez unabwera kumbuyo kwake, iye n'kuukwapula ndi chidendene ngati chinkhanira chikuluma, unagunda mtanda n'kulowa. Chinapata mphoto ya Puskás, chigoli chokongola kuposa zonse chaka chimenecho. Tsiku limenelo munandiimbira foni ndinu, osati ine.

Ndiye Arsenal inagula Lacazette, kenako Aubameyang, Giroud n'kumutaya ku Chelsea mu Januwale 2018. Ife a Chelsea tinamulandira ndi manja awiri, eee. Miyezi yochepa, FA Cup ina. Chaka chotsatira, Europa League, anagoletsa 11, palibe anamuposa, ndipo fainolo ya ku Baku tinakumana ndi ndani? Arsenal. 4-1. Chigoli choyamba anachimwetsa ndi mutu ndi iye yemweyo, Petr Čech ali pagolo. Pepani amalume, sindikanatha kudumpha pamenepa. Koma ngakhale ku Chelsea sankamuyesa woyamba. Kunali Morata, kunabwera Higuaín, Tammy Abraham, Timo Werner, aliyense ankabwera kudzamukhazika pa benchi, ndipo zikavuta ankadzutsa iye. Mu Champions League imene tinatenga mu 2021 anagoletsa zinayi yekha pa gemu imodzi ku Sevilla, n'kudzagoletsanso chogadama chija ndi Atlético Madrid.

Ku AC Milan anapita ali ndi zaka 34, anthu akuti wapita kukapuma. Anatenga jezi ya nambala 9 imene ankati ili ndi tsoka chichokereni Inzaghi. Mu Febuluwale 2022, Inter ikutsogola 1-0, anagoletsa ziwiri m'mphindi zochepa, gemu inatembenuka, ligi nayo inatembenukira pomwepo. Tsiku lomaliza ku Sassuolo anagoletsanso ziwiri, Milan n'kutenga ligi imene inali isanaione kuyambira 2011. Kunachitikanso zoseketsa mu 2023 ku Genoa, goloboyi Maignan atapatsidwa khadi lofiira osintha atatha, Giroud anavala magolovesi n'kulowa pagolo, ndipo anatulukira mpira kumapazi a munthu, Milan n'kupambana 1-0. Kuchoka uko anapita ku Los Angeles FC mu 2024, kenako anabwerera kwawo ku France, ku timu ya Lille.

Za Karim Benzema, wogoletsa wina wa ku France, zimene msuweni wanga waponya pansi pa funso lanu zija, inde, mu 2020 Benzema anadziyerekeza ndi galimoto ya Formula 1, Giroud n'kumuyesa kagalimoto ka mpikisano wa ana. Pa luso, ine sinditsutsa, Benzema ali patsogolo, Ballon d'Or ya 2022, mphoto ya wosewera woposa onse pa chaka, sanaitole panjira. Ndipo zaka zimene Benzema anali kunja kwa timu ya France, kuyambira 2015 mpaka 2021, mkwiyo wa ochemerera unkagwera Giroud, mpaka kumukuwiza pa bwalo la kwawo komwe Euro 2016 isanayambe. Koma ku Qatar mu 2022 Benzema anavulala mpikisano usanayambe, ndiye anadzutsanso yemwe uja. Ulendo uno anagoletsa zinayi. Ziwiri ndi Australia, chimodzi ndi Poland chimene chinamufikitsa pa 52 n'kudutsa 51 za Henry, ndi cha mutu chija chimene chinatulutsa England mu kotafainolo. Pa fainolo ndi Argentina Deschamps anamutulutsa hafu yoyamba isanathe, zinandiwawa, koma France inali itagona yonse nthawi imeneyo. Pomwe ankasiya kusewerera dziko lake mu 2024 anali ndi zigoli 57 m'magemu 137, nambala imene panthawiyo panalibe wa ku France anali ataifika, Platini, Zidane, Henry, onsewo.

Ndiye mukandifunsa ngati ndingamuike pamzere umodzi ndi Henry, ayi, sindingatero, Henry ankapambana gemu yekha. Koma kunena kuti mwayi, amalume, mwayi sungamutsate munthu ku Montpellier, ku London mbali zonse ziwiri, ku Russia mpaka ku Milan. Cha ku Baku chija ndikutumizirani kanema wake pompano, muonerenso mtima uli m'malo. Mundiperekere moni kwa azakhali, ndibwera Loweruka kudzatenga thumba la mtedza lija.