Kodi kalabu ya atsikana kusukulu ndi yotayitsa nthawi?

Mayi wina wa ku Chipoka, m'boma la Salima, wandilembera imelo kufunsa ngati n'koyenera kulola mwana wake wa Sitandade 7 kuti azitsalira ku kalabu ya atsikana akaweruka, popeza bambo a mwanayo akuti kumeneko n'kongoimba ndi kuchita masewero pamene ntchito zikudikira pakhomo.

Mayi, muloleni mwanayo azipita. Nyimbo ndi masewero zilikodi, koma ntchito yaikulu ya kalabu yoyenda bwino ndi kuzindikira msanga mtsikana amene wayamba kujomba. M'kalasi lodzaza ana, mphunzitsi akhoza kutha sabata osadziwa kuti wina sakubwera, pomwe anzake amadziwa kuti wakhala kunyumba chifukwa ali kumwezi ndipo alibe chodzisamalira nacho, kapena kuti akumaonekera kudoko madzulo ndi msodzi amene amamupatsa ya sopo usipa ukaphedwa wambiri. Zoterezi mwana sangaziulule pamaso pa anyamata, koma ku kalabu amamasuka, ndipo makalabu ena amaphunzitsanso kusoka mapadi ochapa.

Kumenekonso ndi kumene ana amamva malamulo owateteza. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera kusukulu akabereka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asamavomereze ukwati wa mwana wosafika msinkhuwo. Mwana wodziwa izi, komanso nambala ya foni yaulere ya 116 yothandiza ana, savuta kupempha thandizo amalume akabwera ndi nkhani ya banja.

Komabe ndisakubisireni, kalabu payokha ilibe mphamvu yothetsa ukwati kapena kulipira fizi. Pitani mukafunse aphunzitsi aakulu kuti amaiyang'anira ndani, ndiponso ngati zimene ana amanena zimafika ku gulu la amayi la pasukulupo ndi kwa amfumu. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana chifukwa inali ndi anthu m'midzi oitsina khutu, ndipo ikamva inkachitapo kanthu. Ngati kalabu ya mwana wanu ilibe akuluakulu otere kumbuyo kwake, inuyo mukhoza kulowa m'gulu la amayi n'kukhala mmodzi wa iwo.

Nkhawa ya bambo musaipeputse. Gwirizanani ndi aphunzitsi kuti ana aziweruka dzuwa likadalipo, ndipo tsiku la kalabu alongo ake a mwanayo ndiwo azitunga madzi ndi kutsuka mbale.