Mwana wanga akufuna kulemba moyo wake m'makatuni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo m'munsi mwake mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 wawonjezerapo timizere tingapo. Mayiwa akuti mwanayo anabwereka kwa mnzake buku lotchedwa Persepolis, mbiri ya mtsikana wa ku Iran yofotokozedwa m'zithunzi zojambula pamanja, ndipo chiyambire tsiku limenelo makope ake adzaza timabokosi ndi nkhope za anthu. Iwo atalitsegula anapeza Mulungu atajambulidwa ngati nkhalamba ya ndevu zoyera, ndipo patsamba lina kamtsikana kakumuthamangitsa. Funso lawo lili pawiri: kodi bukuli silimuchotsa mwanayu pa chikhulupiriro, nanga munthu wojambula makatuni amadya chiyani? Mwanayo wangolemba kuti: "Ndikufuna kulemba za kwathu ngati mmene anachitira iyeyu. Ndiyambire pati?"

Mayi, ndiyamba ndi inu. Mwachita bwino kulitsegula bukulo musanalilande, chifukwa makolo ambiri amangolanda n'kubisa pansi pa matiresi. Koma masamba awiri amene mwaonawo ali ndi nkhani kumbuyo kwake.

Amene analemba ndi kujambula bukuli ndi Marjane Satrapi, wobadwa mu 1969 mumzinda wa Rasht, amene anakulira ku Tehran, likulu la Iran. Mu 1979 anthu a dzikolo anagwetsa mfumu yawo, Mohammad Reza Pahlavi, imene apolisi ake achinsinsi otchedwa SAVAK ankazunza anthu m'ndende. Makolo a Marjane anali nawo m'misewu pa zionetserozo, akuyembekeza kuti kukubwera ufulu. Chimene chinabwera ndi boma la akuluakulu achipembedzo, patsogolo pali Ayatollah Khomeini, yemwe anabwerera kwawo kuchokera ku France mu February chaka chomwecho. Pofika 1980 atsikana a pasukulu ya Marjane analamulidwa kufunda mpango kumutu, anyamata ndi atsikana anawalekanitsa, ndipo mayunivesite anatsekedwa kwa zaka zingapo kuti maphunziro akonzedwe mogwirizana ndi maganizo a olamula atsopanowo. Chaka chomwecho nkhondo ya Iran ndi Iraq inabuka, n'kudzatha mu 1988.

Tsono za Mulungu uja. Kamtsikana ka m'bukumo kankamukonda kwambiri Mulungu. Kali ndi zaka 6 kankafuna kudzakhala mneneri, ndipo zifukwa zake ndi zachibwana koma zogwira mtima: mtsikana wantchito wa m'nyumba mwawo sankadya nawo patebulo, ndipo agogo ake maondo ankawapweteka masiku onse. Usiku kankacheza ndi Mulungu monga mmene mwana amachezera ndi agogo. Kenako kunabwera Anoosh, m'bale wa bambo ake, amene anakhalapo m'ndende zaka zambiri pa ulamuliro wa mfumu ija. Boma latsopanolo linamugwiranso, linamunena kuti ndi kazitape wa dziko la Russia, n'kumupha. Atamulola kuonana ndi munthu mmodzi yekha asanaphedwe, iye anasankha kamwanako. Tsamba limene munaona, mayi, ndi la usiku umene mwanayo anamva za imfayo. Inu mwakhala pa maliro ambiri ndi amayi anzanu a mumpingo, ndipo mukudziwa mawu amene amatuluka pakamwa pa munthu woferedwa mwadzidzidzi. Ngakhale Yobu analankhula zowawa.

Sindikubisirani kanthu. Bukuli silithera poti mtsikanayo wabwerera kukapemphera. Banja lake silinali lopembedza kwenikweni, ndipo ankachita maphwando mobisa, makatani atatseka, vinyo ali patebulo. Mwana wanu adzaziona zimenezo. Koma chimene bukuli likulimbana nacho tsamba ndi tsamba ndi anthu onyamula mfuti amene alanda dzina la Mulungu kuti azilamula anzawo. Muli nkhani ya mayi wosauka, wantchito wa m'nyumba, amene mwana wake wamwamuna anapatsidwa kusukulu kiyi wapulasitiki wopakidwa utoto wagolide, n'kuuzidwa kuti akafera kunkhondo kiyiyo adzamutsegulira chitseko cha paradaiso. Amene anakhumudwa kwambiri ndi zimenezo anali mayi wopembedzayo. Ine ndikawerenga pamenepo ndimaona kuti munthu wa chikhulupiriro ndiye woyamba kupwetekedwa boma likayamba kugulitsa kumwamba.

Palinso china chimene mwana wanu ayenera kudziwa kuti asalimve molakwika bukuli. Mu 1936, bambo a mfumu inagwetsedwa ija, Reza Shah, analetsa amayi kufunda kumutu, moti apolisi ankawavula mipango mumsewu, ndipo amayi ambiri opembedza anasankha kungokhala m'nyumba. Ndiye kuti amayi a ku Iran anaona zonse ziwiri: lamulo lowavula ndi lamulo lowafunditsa. Vuto silinali pa nsalu. Choncho mwanayo asakanyoze mnzake wa m'kalasi wovala hijabu mwa kufuna kwake, poganiza kuti ndi zimene bukulo likuphunzitsa. Mlembiyo ananena yekha m'mawu otsogolera kuti sakufuna kuti mtundu wonse uweruzidwe chifukwa cha zochita za anthu ochepa ochita zinthu monyanyira.

Ife boma lathu silinakhalepo lachipembedzo, koma nkhani ya boma kuyeza siketi ya mayi si yachilendo kwa inu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'munsi mwa mawondo mpaka 1993. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Ngati inu munali wamng'ono nthawi imeneyo, amayi anu anaziona ndi maso. Mukakhala pansi ndi mwana wanu n'kumufotokozera zimenezi, bukulo lidzasanduka chiyambi cha macheza amene mwina simunachezepo.

Chenjezo langa lenileni lili pa msinkhu. Bukuli linatuluka koyamba m'Chifalansa m'magawo anayi, kuyambira 2000 mpaka 2003, ndipo m'Chingerezi analiphatikiza m'magawo awiri. Gawo loyamba ndi la ubwana, ngakhale muli zithunzi za anthu akuzunzidwa m'ndende. Mu 2013 akuluakulu a masukulu a boma ku Chicago, ku America, analichotsa m'makalasi a ana a giredi 7 chifukwa cha zithunzi zoterezi, ndipo aphunzitsi ndi ophunzira anakana kwambiri. Gawo lachiwiri ndi lolemera. Marjane ali ndi zaka 14 makolo ake anamutumiza yekha ku Vienna, ku Austria, poopa kuti pakamwa pake pamugwiritsa. Kumeneko kusungulumwa kunamulowetsa m'mankhwala ozunguza bongo ndi zibwenzi zosalongosoka, anagona mumsewu m'nyengo yozizira mpaka kukapezeka ali m'chipatala, ndipo atabwerera ku Iran anadwala matenda a maganizo n'kuyesa kudzipha. Gawo limeneli muyambe mwaliwerenga inu, kapena muwerengere limodzi. Kholo lililonse limene likuganiza zotumiza mwana wamng'ono kunja kukaphunzira yekha lingapindule nalo.

Tibwere ku nkhani ya nsima. Mantha anu ndi omveka. Munthu wodya kuchokera m'mabuku a makatuni okha ndi wosowa ngakhale ku France komwe anthu amagula mabuku otere mwaunyinji, ndiye kuno n'kovuta koposa. Koma taonani njira imene mlembiyu anadutsa. Sanasiye sukulu kuti azijambula. Atabwerera ku Tehran anakalowa yunivesite ya Islamic Azad n'kuphunzira luso lofalitsa uthenga kudzera m'zithunzi. M'bukumo akufotokoza kalasi yophunzira kujambula thupi la munthu, mmene mayi woti azimujambulayo anali atafunda chador, chinsalu chakuda chobisa thupi lonse, moti ophunzirawo ankangojambula makwinya a nsalu. Iwo anayamba kukumana m'nyumba zawo mobisa n'kumajambulana okhaokha. Mu 1994 anapita ku France, n'kukaphunziranso pasukulu ya zaluso ku Strasbourg. Kenako ku Paris anakhala m'chipinda chimodzi chogwiriramo ntchito ndi ojambula anzake, mmodzi mwa iwo David B., ndipo ndi kumeneko kumene anamulimbikitsa kuti nkhani zimene ankawafotokozera aziike papepala. Gawo loyamba la m'Chifalansa linatuluka iye ali ndi zaka pafupifupi 31, kudzera ku kampani yaing'ono ya ojambula okhaokha yotchedwa L'Association. Filimu ya bukuli, imene anapanga ndi Vincent Paronnaud, inalandira mphoto pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2007. Kuchokera tsiku limene anafunda mpango koyamba kufika pa mphotoyo panapita zaka 27.

Ndiye luso la mwana wanu lili ndi ntchito zimene zingamudyetse pamene buku lake likupsa pang'onopang'ono. Mabuku a sukulu amafuna zithunzi. Mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amafuna anthu ojambula timabuku ndi mapositala oti munthu wosadziwa kuwerenga amve uthenga. Nyuzipepala zimafuna makatuni, makampani amafuna okonza zotsatsa malonda pakompyuta, ndipo makanema a makatuni akufunika kwambiri tsopano poti anthu ambiri ali ndi foni m'manja. Zonsezi zimayenda bwino munthu akakhala ndi pepala. Akhoze MSCE ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, monga mmene mayunivesite a boma amafunira. Ku University of Malawi, komweko kwanu ku Zomba, kuli maphunziro a zaluso kuphatikizapo zojambula, ndipo mukhoza kupita naye limodzi kukafunsa zimene amafuna chaka chino. Mgwirizano umene ndingakulangizeni ndi wosavuta: mumugulire kope lakelake lojambulamo kuti asiye kuwononga makope a Biology, iye akuonetseni malikisi osatsika.

Tsopano iwe, mwanawe. Wafunsa poyambira, ndipo ndasangalala kuti sunafunse za kutchuka.

Tsegulanso bukulo uone zida zimene anagwiritsa ntchito. Mulibe mtundu uliwonse kupatula wakuda ndi woyera. Nkhope zake ndi zosavuta, maso timadontho, pakamwa kamzere. Mphamvu yake ili pa kusankha chojambula ndi chosiya. Pamene bomba linagwera nyumba ya anansi awo ndipo iye anaona chibangili cha mnzake m'zigumukire, sanajambule mtembo. Anajambula nkhope yake atatseka ndi manja, kenako bokosi lakuda bii. Bolopeni yakuda ndi mapepala a A4 zikukwanira kuphunzira zimenezo. Kompyuta idzabwera pambuyo.

Usayambe ndi moyo wako wonse. Tenga tsiku limodzi, pepala limodzi, timabokosi 6. Likhoza kukhala tsiku limene unanyamuka kupita ku sekondale, kapena usiku wa namondwe Freddy mu March 2023 ngati unauona. Lemba kaye nkhaniyo m'mawu, m'Chichewa chimene anthuwo analankhuladi, kenako ufufute chiganizo chilichonse chimene chithunzi chingathe kunena chokha. Udzadabwa kuti mawu otsala ndi ochepa. Chita pepala limodzi sabata iliyonse, ulembe deti kumbuyo, usataye ngakhale loipa. Pakutha pa Fomu 4 udzakhala ndi mulu woonetsa aliyense wofunsa zimene umatha, ndipo pa ntchito imeneyi anthu amayamba kuona mulu umenewo asanaone satifiketi.

Uziwerenga History ngati kuti ndi phunziro la kujambula. Mlembiyu anatha kufotokoza ubwana wake chifukwa ankadziwa mbiri ya dziko lake, za mafuta, za Angerezi, za mmene banja la mfumu linalowera pampando. Popanda zimenezo likanakhala buku la madandaulo a mwana wa anthu olemera. Iwenso pita kwa agogo ndi kope, uwafunse kumene anali pa 14 June 1993, tsiku la referendamu, zimene anavala, amene anaima naye pamzere, ndi chimene ankaopa. Funsa zinthu zazing'ono, chifukwa ndi zimene zimajambulika.

Chovuta kuposa zonse ndi ichi. M'gawo lachiwiri muli pamene Marjane, atadzola zodzoladzola kumaso, anaona asilikali oyang'anira makhalidwe akubwera. Pofuna kuti asamugwire, analoza bambo wina wosalakwa amene anangokhala pamasitepe, n'kunama kuti wamulankhula zachipongwe. Bamboyo anamutenga. Iye anakafotokozera agogo ake akuseka, ndipo agogowo anamudzudzula koopsa, n'kumukumbutsa abale ake amene anavutika ndi kufa poteteza anthu osalakwa. Akanatha kuibisa nkhani imeneyi, palibe akanadziwa. Anaiika, ndipo chifukwa cha tsamba limenelo owerenga amamukhulupirira pa zina zonse. Ukamalemba za kwanu, udzafuna kuti iwe uoneke wabwino ndipo amayi ako, aphunzitsi ako kapena akulu a mpingo aoneke olakwa. Papepala lililonse udzifunse kuti iwe unachitapo chiyani.

Usamale ndi anthu amoyo. Mlembiyu anasindikiza ali ku France, kutali ndi amene akanamumanga. Ena amene anajambula ali mkati mwa Iran analipira mtengo wowawa: Atena Farghadani anamangidwa mu 2014 atajambula aphungu a nyumba ya malamulo ndi mitu ya nyama, ndipo anatuluka mu 2016. Iwe sukuyang'anizana ndi ndende, koma ukhoza kuvulaza mnzako kapena m'bale wako poika chinsinsi chake pa Facebook. Sintha maina ndi nkhope za anthu amene sanakuloleze, ndipo nkhani za m'banja zizikhala kaye m'kope mpaka eni ake atazionera.

Pepala lako loyamba lokhudza amayi ako, uwaonetse iwo asanalione wina aliyense, ndipo uwafunse mmene iwo akulikumbukira tsikulo. Inunso mayi, mukadziona m'timabokosimo mutakwinya nkhope, musafulumire kung'amba. Muuzeni pamene waphonya, kenako mumupatse pepala lina ajambulenso mbali yanu.