Zithunzi za Venus si zopeka, kungoti sizinajambulidwe ndi kamera

Achimwene, mwafunsa kuti poti pulaneti ya Venus ndi yokutidwa ndi mitambo nthawi zonse, zithunzi za mapiri ake zimachokera kuti, kapena anangozipeka pa kompyuta. Zopeka ayi. Zinajambulidwa ndi radar.

Maso ndi kamera sizingaone kuseri kwa mitambo ija, koma mafunde a wailesi amaidutsa bwinobwino. Chombo cha m'mlengalenga chozungulira Venus chimatumiza mafundewo chammbali, amakagunda nthaka n'kubwerera, ndipo nthawi imene atenga imasonyeza mtunda wochokera pa chombocho kukafika pamene agunda. Komanso poti chombocho chikuyenda, obwerera kuchokera kutsogolo amafika atafupikako, ochokera kumbuyo atatalikako, monga mmene kulira kwa ambulansi kumasinthira ikamakudutsani. Kompyuta ikaphatikiza ziwirizi imadziwa kumene funde lililonse lachokera. Umu ndi mmene chombo cha NASA, Magellan, chinajambulira 98 peresenti ya Venus pakati pa 1990 ndi 1994, mpaka kuonetsa zinthu zazikulu pafupifupi mamita 100.

Kukayika kwanu kuli ndi mfundo ndithu, chifukwa chithunzi chotere sichiwerengedwa ngati cha pafoni. Powala sikuti pali dzuwa, nthawi zambiri ndi pokhakhala kapena potsetsereka moyang'anizana ndi chombo. Pakuda ndi posalala, mafunde anangonjanja n'kupita kwina. N'chifukwa chake nyanja za methane zimene chombo cha Cassini chinapeza ndi radar pa Titan, mwezi wa Saturn, mu 2006 zimaoneka zakuda bii. Mtundu wa olenji uja pa zithunzi za Venus anachita kupakamo, potengera zimene zombo za Soviet Union, Venera 13 ndi 14, zinajambula zitatera mu 1982. Apa ofalitsa nkhani amandikwiyitsa, satchula n'komwe.

Miyala ya m'mlengalenga, ma asteroid, amaijambulanso ndi radar kuchokera pansi pompano, pogwiritsa ntchito dishi ya mamita 70 ya ku Goldstone ku California. Vuto ndi mtunda: mwala ukatalikira kawiri, mafunde obwerera amafooka ka 16, choncho amadikira kuti uyandikire. Mu 2021 anayeza mwala wotchedwa Apophis motero n'kutsimikiza kuti sudzagunda dziko lapansi m'zaka 100 zikubwerazi, ngakhale udzadutsa pafupi kwambiri pa 13 April 2029. Dishi yamphamvu kuposa onse pa ntchitoyi, ya mamita 305 ku Arecibo ku Puerto Rico, inagwa mu December 2020.