Bwana akati "deep dive" akufuna chiyani?

Mtsikana wina amene akuphunzira ntchito pa bungwe lina ku Lilongwe wandilembera. Bwana wake anamuuza kuti achite "deep dive" pa nkhani ya atsikana osiya sukulu. Iye anangogwedeza mutu, koma sanamve. Akufunsa tanthauzo lake, komanso ngati angawalembe mawuwa m'kalata yofunsira ntchito.

Chemwali, mawuwa anachokera kwa osambira. Amene anakulira kunyanja amadziwa kuti kusambira pamwamba n'kosiyana ndi kumira mpaka pansi kukamasula ukonde umene wakola pamwala. Mu ofesi, "deep dive" ndi kumira kotereku: kutenga nkhani imodzi n'kuifukula mpaka mutapeza gwero lake.

Ndiye bwana wanuyo sakufuna tsamba limodzi lonena kuti vuto ndi umphawi. Zimenezo amazidziwa kale. Akufuna mutsegule kaundula wa ophunzira, sukulu ndi sukulu, muone kalasi imene atsikana ambiri amasiyira komanso teremu yake. Mukapeza kuti ndi Fomu 2, musaime pomwepo. Funsani aphunzitsi, amayi a mother group ndi atsikana eni akewo. Kodi ndi fizi? Ndi mimba kapena ukwati? Kapena ndi mtunda wa kusukulu nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza? Yankho lililonse limabala funso lina, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepo.

Koma musanayambe, bwererani kwa bwana mukafunse zinthu ziwiri: nkhaniyi ikathere pati, ndipo lipoti akulifuna liti. Ndaona achinyamata akhama akutha masabata atatu pa ntchito imene inkafunika Lachisanu. Kufunsa si kupusa ayi.

Polankhula mumati "do a deep dive into the data", kapena "dive deep into the data". Makampani amawakonda mawuwa, moti Amazon inaika "Dive Deep" pa mfundo zake za utsogoleri. Pa intavyu mutha kuwanena, bola mutsatize chitsanzo cha zimene munafufuza ndi zimene munapeza. Popanda chitsanzo amamveka ngati oloweza.

M'kalata yofunsira ntchito ndingakonde muwasiye. Ndi mawu ocheza a mu ofesi. M'kalatayo, komanso pa mayeso a MSCE ndi m'kafukufuku wa ku yunivesite, lembani "detailed analysis" kapena "in-depth study".